Mmene mungaulutsire mwambo pompopompo pogwiritsa ntchito seva yanuyanu

Banja likakhala ndi ukwati, chinkhoswe, maliro kapena mwambo wa kutchalitchi, sipalephera kukhala abale ena amene mtima wawo uli pamwambopo koma iwo eni ali ku Johannesburg, ku Harare, ku Tete kapena ku Leeds. Chimene ambiri amachita n'kupatsa mnyamata mmodzi foni kuti aimbe vidiyo pa WhatsApp, ndipo zotsatira zake tonse timazidziwa: chithunzi chimagwedezeka, mawu a abusa amamira m'phokoso la mphepo, ndipo wina akangoimbira foniyo zonse zimaduka. Malangizo ano ndi a munthu amene akufuna kugwira ntchitoyi mwadongosolo, kuti wachibale wakutali atsegule linki imodzi, aone bwino, amve bwino, ndiponso athe kulembera kapena kulankhula ndi amene ali pamwambo.

Seva youlutsira ndi kompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku m'nyumba yosungira makompyuta, yolumikizidwa ku intaneti yamphamvu. Imalandira vidiyo imodzi yochokera pamalo a mwambo n'kuigawira aliyense amene watsegula linki. Ubwino wake wagona pamenepa, chifukwa netiweki ya pamalo a mwambo, imene nthawi zambiri ndiyo yofooka kuposa zonse, imangosenza katundu wa munthu mmodzi, kaya oonera ndi asanu kaya ndi 200.

Ndiyenera kunena poyera kuti si aliyense amene akufunika seva yakeyake. Ngati mwambo ndi umodzi wokha ndipo mulibe nthawi yophunzira, YouTube kapena Facebook zidzakuthandizani, bola mukumbukire kuti YouTube imatha kudikiritsa munthu maola 24 akapempha koyamba chilolezo choulutsa pompopompo. Seva yanuyanu imayamba kupindulitsa mukamaulutsa kawirikawiri, mukafuna kusankha nokha kukula kwa vidiyo kuti oonera asathe bandulo, mukakhala kuti simukufuna malonda kapena mavidiyo achilendo pambali pa maliro a mayi anu, ndiponso mukatopa ndi makina a makampaniwa amene amatha kutseka mawu akangomva nyimbo ya eni ake ikulira pa zokuzira mawu. Izi sizikuchotsani pa udindo wa lamulo la umwini wa nyimbo, ndipo ku Malawi za ziphaso zoterezi amayang'anira ndi a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolembedwa.

Pulogalamu imene tigwiritse ntchito pa seva ndi Owncast, yaulere, imene inayamba kupangidwa mu 2020. Ndaisankha chifukwa imabwera ndi tsamba loonerapo ndi bokosi la macheza pamodzi, motero simufunika kumanga chilichonse nokha. Mkati mwake muli njira zitatu zimene n'kofunika kuzidziwa mayina, popeza vuto likabuka mudzafunika kudziwa kuti lili pa iti. Vidiyo imachoka pa laputopu yanu kupita ku seva kudzera mu RTMP, njira yakale imene inapangidwa ndi kampani ya Macromedia isanagulidwe ndi Adobe mu 2005. Flash, pulogalamu yoonetsera mavidiyo pa masamba a intaneti imene RTMP inapangidwira, inatha ntchito kumapeto kwa 2020, koma RTMP ikugwirabe ntchito yotumiza vidiyo ku maseva. Kuchoka ku seva kupita kwa oonera, vidiyo imayenda ndi HLS, njira imene Apple inatulutsa mu 2009, yomwe imaduladula vidiyo m'tizidutswa ta masekondi ochepa n'kumatitumiza ngati mafayilo wamba. Macheza olemba amayenda ndi WebSocket, imene imasiya khomo lotsegula pakati pa foni ya woonera ndi seva kuti uthenga udutse nthawi yomweyo.

Yambani n'kuyeza netiweki ndi kuwerengera

Musanagule kapena kukhazikitsa chilichonse, pitani pamalo enieni pamene mwambo udzachitikire, muime pamene laputopu idzakhale, ndipo muyeze liwiro la intaneti pa speedtest.net kapena fast.com. Nambala yofunika kwa inu ndi ya upload, kutanthauza liwiro lotumizira, osati ya download imene anthu ambiri amayang'ana. Yezani kangapo, ndi simu khadi ya Airtel komanso ya TNM ngati muli ku Malawi, pa ola lofanana ndi la mwambo, ndipo mulembe nambala yotsika kwambiri imene mwapeza. Kumbukirani kuti patsiku lenilenilo padzakhala khamu la anthu okhala ndi mafoni, onse akulimbirana nsanja imodzi yomweyo ya netiweki, choncho liwiro lidzatsika. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti vidiyo yanu isapitirire theka la nambala yotsikayo. Ngati mwapeza 3 Mbps, kutanthauza 3,000 kbps (iyi ndi miyeso ya liwiro la intaneti), ulutsani pa 1,500 kbps kapena kucheperapo.

Tsopano werengerani za bandulo. Vidiyo ya 1,000 kbps imadya 450 MB pa ola limodzi. Mukaika chithunzi pa 1,500 kbps ndi mawu pa 96 kbps, zonse pamodzi ndi pafupifupi 1,600 kbps, zomwe ndi 720 MB pa ola, ndipo mwambo wa maola atatu udzakudyerani kupitirira 2 GB pa rauta yanu, kabokosi kokupatsani intaneti pamalo a mwambo. Chimodzimodzinso woonera aliyense adzataya 720 MB pa ola, pokhapokha mutamukonzera vidiyo ina yopepuka. Ya 600 kbps imadya 270 MB pa ola. Apa ndi pamene ndimaona kuti anthu ambiri amalakwitsa: amasankha chithunzi chokongola poganizira achimwene awo a ku London amene ali ndi intaneti yosatha, n'kuiwala azakhali a ku Mzimba amene agula bandulo ya tsiku limodzi ndipo idzatha mkwati asanalowe. Poyesa muyeso, yambirani pa woonera amene ali ndi foni yakale ndi bandulo yochepa, chifukwa amene ali ndi intaneti yabwino sadzavutika.

Seva nayonso ili ndi malire ake. Anthu 50 akamaonera pa 1,600 kbps nthawi imodzi, seva imatulutsa 80 Mbps, ndipo pa maola atatu idzakhala itatumiza 108 GB. Sungani manambala awiriwa, muwayerekeze ndi zimene kampani yobwereketsa seva ikulonjeza.

Bwerekani seva

Funso limene limabwera msanga n'lakuti bwanji osangogwiritsa ntchito kompyuta ya kunyumba. Pali zifukwa zitatu. Magetsi amatha kuzima pakati pa mwambo. Liwiro lotumizira la intaneti ya kunyumba silingakwanire anthu 50. Ndipo makampani a mafoni amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi ya IP (nambala yozindikiritsa chipangizo pa intaneti), njira yotchedwa CGNAT, motero munthu wakunja sangathe kuipeza kompyuta yanu ngakhale itakhala yoyaka. Choncho bwerekani VPS, imene ndi gawo la kompyuta yaikulu lobwereketsedwa pa ola kapena pa mwezi. Ya ma CPU awiri ndi RAM ya 2 GB, yokhala ndi Ubuntu 24.04 (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows), ndi poyambira pabwino.

Malo a seva ali ndi kanthu. Malawi ilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo intaneti yake imadutsa m'zingwe za m'mayiko oyandikana nawo isanafike ku zingwe za pansi pa nyanja, kotero seva ikakhala kutali, ulendo wa vidiyo umatalika ndipo mpata woti idukeduke umakula. Ngati oonera ambiri ali kum'mwera kwa Africa, sankhani seva ya ku South Africa: Vultr ndi Microsoft Azure ali ndi malo ku Johannesburg, pamene Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020. Kulipira kawirikawiri kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard lotha kulipira ndalama zakunja, ndipo nthawi zambiri n'kosavuta kupempha wachibale wa kunja kuti gawo limeneli likhale lake.

Mufunikanso dzina la pa intaneti. Ngati mpingo kapena bungwe lanu lili kale ndi dzina, onjezerani kadzina kamodzi patsogolo pake, ndipo pa DNS, kaundula wolumikiza mayina a pa intaneti ndi maadiresi a IP, muike rekodi ya mtundu wa A yoloza ku adiresi ya IP ya seva. M'malangizo ano tigwiritsa ntchito pompo.example.org ngati chitsanzo, ndipo inu muikepo lanu.

Tsekani makomo, kenaka ikani mapulogalamu

Lowani mu seva ndi SSH, njira yolamulira seva muli kutali polemba malamulo, pangani akaunti wamba yoti muzigwirira ntchito m'malo mwa root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse), ndipo musanaike chilichonse tsekani makomo onse kupatula ofunika. Khomo lililonse la seva, limene amalitcha port, lili ndi nambala yake: 80 ndi 443 ndi a tsamba la oonera, 1935 ndi lolandirira RTMP.

sudo apt update
sudo apt install unzip caddy
sudo ufw allow OpenSSH
sudo ufw allow 80,443,1935/tcp
sudo ufw enable

Musadumphe mzere wa OpenSSH, chifukwa mukaudumpha mudzadzitsekera kunja kwa seva yanu yomwe. Kenaka ikani Owncast:

curl -s https://owncast.online/install.sh | bash

Lamulo limeneli limapanga foda yotchedwa owncast, ndipo likapeza kuti pa seva palibe ffmpeg, pulogalamu imene imagwira ntchito yeniyeni yosintha ndi kuduladula vidiyo, limaikoperanso. Owncast imamvetsera pa khomo la 8080, limene mwadala sitinalitsegule. Amene adzaime pakhomo la kunja ndi Caddy, imene idzalandire alendo pa HTTPS, njira yotetezedwa yotsegulira masamba a intaneti, n'kuwapititsa mkati. Tsegulani fayilo ya /etc/caddy/Caddyfile, fufutani zimene zilimo, ndipo mulembe izi:

pompo.example.org {
reverse_proxy 127.0.0.1:8080
}

Mukalamula kuti sudo systemctl reload caddy, Caddy imakatenga yokha satifiketi ya HTTPS kwa Let's Encrypt ndipo imaikonzanso yokha isanathe ntchito. Imadutsitsanso WebSocket popanda kuiuza kanthu, zimene pa mapulogalamu ena monga Nginx zimafuna mizere yapadera, ndipo munthu akaiiwala vidiyo imaoneka koma bokosi la macheza limangokhala duu.

Kuti Owncast izidzuka yokha seva ikazima n'kuyakanso, ilembetseni ku systemd, mbali ya Ubuntu imene imayatsa mapulogalamu. Pangani fayilo ya /etc/systemd/system/owncast.service, pansi pa mutu wakuti [Service] muikemo dzina la akaunti yanu pa User, njira yopita ku foda ya owncast pa WorkingDirectory, njira yopita ku pulogalamuyo pa ExecStart, ndi mzere wakuti Restart=always, ndipo pansi pa mutu wakuti [Install] mulembe WantedBy=multi-user.target, kenaka mulamule kuti sudo systemctl enable --now owncast.

Tsopano, osazengereza ngakhale pang'ono, tsegulani pompo.example.org/admin. Dzina lolowera ndi admin ndipo pasiwedi yobwera nayo ndi abc123. Pasiwedi imeneyi ndi yodziwika kwa aliyense amene anaikapo Owncast, ndipo kiyi youlutsira nayonso imabwera ili abc123, choncho pitani pa Server Setup musinthe zonse ziwiri, chilichonse chikhale chakechake ndiponso chachitali. Munthu amene ali ndi kiyi youlutsira angathe kuonetsa chilichonse chimene akufuna pa tsamba lokhala ndi dzina la mpingo wanu kapena la banja lanu, motero kiyiyo isaponyedwe pa gulu la WhatsApp. Dziwaninso kuti aliyense amene ali ndi linki angathe kuonera. Ngati mwambo ndi wa banja lokha, musalembetse seva yanu pa mndandanda wa maseva a Owncast umene anthu onse amaona, ndipo muwapemphe abale kuti linkiyo asaifalitse.

Pa gawo la Video ndi pamene mukwaniritse zimene munawerengera zija. Konzani mitundu iwiri ya vidiyo: woyamba wa mizere 720 pa 1,500 kbps, wachiwiri wa mizere 360 pa 500 kbps. Foni ya woonera imasankha yokha mtundu umene netiweki yake ingathe, ndipo woonera angathenso kusankha yekha wopepukawo kuti asunge bandulo, chinthu chimene muyenera kuwauza abale pa uthenga wa linki. Mtundu uliwonse umene seva ikukonza umadya mphamvu za CPU, choncho musaonjezere wachitatu musanaone pa tsamba la Hardware kuti seva ikupuma bwino. Ikamalemedwa, mungathe kuuza Owncast kuti mtundu woyamba iziudutsitsa mmene wafikira, osausinthanso, pogwiritsa ntchito Video Passthrough. Pomwepo palinso poikira Latency Buffer, pamene mumasankha kuti vidiyo izichedwa motani. Kuichepetsa kwambiri kumachititsa kuti vidiyo iziimaima kwa amene netiweki yawo ndi yosakhazikika, ndipo kwa oonera athu ndi bwino kuisiya pakatikati.

Konzani laputopu, makamaka mawu

Pa laputopu ikani OBS Studio, pulogalamu yaulere imene yakhalapo kuyambira 2012. Pa Settings, pitani pa Stream, musankhe Custom, pa Server mulembe rtmp://pompo.example.org/live, ndipo pa Stream Key muike kiyi yanu ija. Pa Output sankhani H.264, bitrate (kuchuluka kwa data yotumizidwa pa sekondi) ya 1,500 kbps yosasinthasintha, imene OBS imaitcha CBR, ndipo Keyframe Interval ikhale masekondi 2, chifukwa HLS imadula tizidutswa take pa ma keyframe, zithunzi zathunthu zimene zimabwera apo ndi apo m'vidiyo, ndipo akatalikirana kuchedwa kumakula. Pa Video ikani 1280x720 ndi zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi. Pa Advanced onetsetsani kuti Automatically Reconnect ndi yoyatsa, ndipo muyatsenso mbali imene imalola OBS kutsitsa bitrate yokha netiweki ikathina, popeza chithunzi chofooka kwa mphindi imodzi n'chabwino kuposa chithunzi choima.

Pa kamera sindikhalitsapo. Kamera ya vidiyo yolowa mu laputopu kudzera pa kachipangizo ka HDMI kupita ku USB imakwana, ngakhale foni yabwino imakwananso, bola ikhale pa chopondera cha miyendo itatu ndipo isayang'ane kuwindo kapena kudzuwa.

Mawu ndiwo ofunika kuwatayira nthawi. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma akalephera kumva malumbiro a ukwati kapena mbiri ya malemu, amatseka foni ndipo kwa iye mwambo wathera pomwepo. Musadalire maikolofoni ya kamera kapena ya laputopu, imene imatola mphepo, makanda olira ndi jenereta. Kambiranani ndi mwini zokuzira mawu kudakali masiku, mumupemphe chingwe chochokera pa mikisa yake, makamaka pa khomo la Aux kuti inu mukhale ndi muyeso wanuwanu wosadalira mmene iye akukwezera kapena kutsitsira masipika, ndipo chingwecho chilowe mu laputopu kudzera pa kabokosi ka mawu ka USB. Mu OBS yang'anani muyeso wa mawu: wolankhula azifika pa chikasu, pakati pa -20 ndi -9 dB, ndipo asamakhale pa chofiira, chifukwa mawu akaphulika pofika pa laputopu palibenso chowakonzera. Ikani Limiter, choletsa mawu kukwera kupitirira muyeso, pa mawuwo kuti nthungululu kapena kufuula kwa mtsogoleri wa mwambo kusang'ambe makutu a oonera. Ngati mikisa ikungotenga maikolofoni a kutsogolo, kwaya ndi mpingo sizidzamveka, ndipo woonera adzangomva liwu limodzi likuimba lokha. Ikani maikolofoni ina yoyang'ana kwa anthu, muitsitse kuti ingomveka chapansipansi. Mukamva kulira kwa magetsi kosalekeza m'chingwe, yesani kuzula chaja ya laputopu, ndipo kukasiya, dziwani kuti vuto ndi la mawaya a magetsi; kabokosi kotchedwa DI kapena ground loop isolator kamathetsa zimenezi. Pomaliza, wina aime patsogolo pa kamera aombe m'manja kamodzi, inu mujambule n'kuona ngati phokoso likugwirizana ndi kukumana kwa manja. Mawu akamatsogola, achedwetseni pa Sync Offset mu Advanced Audio Properties.

Yatsaninso kujambula pa laputopu pomwepo, chifukwa Owncast siisunga vidiyo ya mwambo wonse. Sankhani mtundu wa mkv, popeza fayilo ya mp4 wamba imatha kuonongeka yonse laputopu ikazima mwadzidzidzi, pamene mkv imasunga zimene zinajambulidwa kufikira pamenepo, ndipo OBS ili ndi poisinthira kukhala mp4 pambuyo pake.

Macheza ndi kuchedwa kwa vidiyo

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri patsiku loyamba. Uthenga wolembedwa m'bokosi la macheza umafika nthawi yomweyo, koma vidiyo imafika mochedwa ndi masekondi angapo, nthawi zina 10, nthawi zina kupitirira 20, chifukwa foni ya woonera imayamba yasonkhanitsa tizidutswa tingapo ta HLS isanayambe kuonetsa, ndipo woonera aliyense amachedwa mosiyana ndi mnzake. Tanthauzo lake n'lakuti mtsogoleri wa mwambo akafunsa kuti abale a ku Johannesburg akumva kapena ayi, yankho silingabwere pompo. Iye afunika kuuzidwa zimenezi mwambo usanayambe, kuti akafunsa azipitiriza ndi zina n'kubwereranso ku mayankho pakapita kamphindi, m'malo moima chete pamaso pa anthu kapena kuganiza kuti makina afa.

Sankhani munthu mmodzi woyang'anira macheza, wosiyana ndi amene ali pa OBS, wodziwa abale ndi maudindo awo, kuti uthenga wa amalume usawerengedwe ngati wa mlendo wongodutsa. Alowe m'macheza ndi foni yake, ndipo inu pa tsamba la admin mumupatse udindo wa moderator, umene umamulola kubisa uthenga wosayenera ndi kuchotsa wovutitsa. Azivala zomvera za m'makutu, chifukwa foni yake ikamalira poyera maikolofoni idzatola mawu ochedwa aja n'kuwabwezanso ku seva. Owncast imapatsa aliyense wolowa dzina longopeka, choncho pa uthenga wolandirira alendo lembani pempho lakuti aliyense asinthe dzinalo n'kuika lake lenileni ndi kumene ali.

Pa ukwati, nthawi ya perekaniperekani ndi imene macheza amagwira ntchito kwambiri, pamene abale akutali amatumiza ndalama pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena Mukuru n'kulemba kuti atumiza, ndipo woyang'anira macheza amapereka mayina kwa mtsogoleri wa mwambo. Pa chipepeso cha maliro zimachitikanso chimodzimodzi. Apa chenjerani kwambiri. Popeza aliyense angathe kudzipatsa dzina lililonse, munthu wachinyengo angadzitche dzina la mkulu wa banja n'kulemba nambala yake. Nambala yolandirira ndalama ilembedwe pa chithunzi chenicheni cha vidiyo kudzera mu OBS, pamodzi ndi dzina limene wotumiza adzaone pa foni yake, ndipo mulengeze kuti nambala ina iliyonse yolembedwa m'macheza si ya banja. Woyang'anira azifufuta nambala zoterozo akangoziona.

Wachibale wakutali akafuna kulankhula

Nthawi zina kulemba sikukwanira. Mwana wa malemu amene walephera kubwera amafuna kulankhula yekha, kapena ankhoswe ali kunja ndipo mawu awo ayenera kumveka. HLS siingathandize pano chifukwa cha kuchedwa kuja. Chofunika ndi WebRTC, njira imene Google inaitsegulira onse mu 2011, imene ili kale mu Chrome, Firefox ndi Safari, ndipo kuchedwa kwake nthawi zambiri sikufika sekondi imodzi. Njira yosavuta ndi VDO.Ninja, tsamba laulere limene limakupatsani malinki awiri: ina mumatumizira wolankhulayo kuti atsegule pa foni yake n'kulola kamera ndi maikolofoni, inayo mumaiika mu OBS ngati Browser Source. Akatero amaoneka mu OBS ngati kamera yachiwiri, ndipo mawu ake mungathe kuwatumiza ku mikisa kuti amveke pa masipika a pamwambo.

Pali zinthu ziwiri zimene wolankhulayo ayenera kuchita. Atseke tsamba la Owncast nthawi yake isanakwane, apo ayi adzadzimva yekha akulankhula mochedwa ndipo adzasokonezeka. Avalenso zomvera za m'makutu. Kumbali yanu, mawu amene mukumubwezera kuti azimva zimene zikuchitika pamwambo asakhale ndi liwu lake lomwe, ndipo mwini mikisa angachite zimenezi potsitsiratu tchanelo cha mlendoyo pa Aux imene ikupita kwa iye. Kumbukiraninso kuti kulumikizana kumeneku kumadya gawo lina la netiweki yanu ya pamwambo, chimene ndi chifukwa china chosiyira theka lija la liwiro. Muyesereni dzulo lake, pa foni yomweyo ndi pamalo omwewo pamene adzakhale, chifukwa WebRTC imayesa kulumikiza zipangizo ziwiri mwachindunji, ndipo pa netiweki zina za CGNAT imalephera mpaka itadutsira pa seva yothandizira yotchedwa TURN, zomwe zimatha kutsitsa ubwino wa chithunzi.

Amene akufuna kuti oonera onse aziona popanda kuchedwa, monga pa kalasi imene ophunzira amafunsa mafunso, ayang'ane MediaMTX, seva ina yaulere imene imalandira RTMP, SRT ndi WebRTC n'kutulutsa HLS kapena WebRTC. OBS, kuyambira pa mtundu wa 30, imatha kutumiza molunjika ndi WebRTC kudzera mu WHIP. Koma MediaMTX ilibe bokosi la macheza, mawu ake ayenera kukhala a mtundu wotchedwa Opus chifukwa WebRTC ya m'mabulawuza monga Chrome siilandira mtundu wa AAC, ndipo popeza siisunga masekondi ambiri m'nkhokwe, netiweki ya woonera ikangogwedezeka chithunzi chimaonongeka pompo. Pa mwambo wa banja ine ndingasankhebe HLS.

Kuyeserera, tsiku lenileni, ndi pambuyo pake

Yesererani zonse kwa mphindi zosachepera 30, kudakali tsiku limodzi kapena awiri, pamalo enieniwo, ndipo mupemphe anthu atatu kuti aonere: wina wa kunja, wina wa m'tauni, wina wa kumudzi. Pansi pa OBS pali nambala ya Dropped Frames. Ikamakwera, vuto ndi netiweki ya pakati pa inu ndi seva, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa bitrate, kusuntha rauta kuti ikhale pamwamba pafupi ndi windo, kapena kuilumikiza ku laputopu ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi. Nambalayo ikakhala pa 0 koma onse atatu akudandaula kuti vidiyo ikuimaima, yang'anani CPU ya seva. Wodandaula akakhala mmodzi yekha, vuto lili kwa iye, ndipo muuzeni asankhe vidiyo yopepuka.

Potumiza linki lembani nthawi ya kwanu ndi ya kwa oonera. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, koma Britain imatsalira ndi maola awiri m'miyezi yawo yozizira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October.

Patsikulo laputopu ikhale yodzaza moto, rauta ikhale pa batire yakeyake kuti isazime pamene magetsi akusinthira ku jenereta, pasiwedi ya Wi-Fi ya rautayo isaperekedwe kwa wina aliyense ngakhale atapempha mwaulemu chotani, ndipo simu khadi ya kampani ina ikhale pafupi ili ndi bandulo kale. Imitsani Windows kuti isayambe kukopera zatsopano pakati pa mwambo. Yambani kuulutsa kudakali mphindi 15, ndi chithunzi cholembedwa dzina la mwambo, kuti abale alowe ndi kusintha mayina awo mosathamanga. Anthu a pamwambo auzidwe kuti mwambo ukuulutsidwa, ndipo pa maliro gwirizanani ndi akuluakulu a banja za mbali zimene kamera siyenera kuonetsa, monga nthawi yoona nkhope. Konzeranitu mu OBS chithunzi cha malemu kapena cha maluwa choti muziikapo nthawi zoterozo, mawu okha akupitirira.

Mwambo ukatha, imitsani kuulutsa ndi kujambula, koperani fayilo ya mkv ija pa malo awiri osiyana musanachoke, ndipo musinthe kiyi youlutsira ngati inadutsa m'manja mwa anthu ena. Ngati seva munaibwereka chifukwa cha mwambo umodzi wokha, sungani foda ya data ya mu owncast, mmene muli makonzedwe anu onse, kenaka muifufutiretu sevayo pa tsamba la kampani, chifukwa makampani ambiri amapitiriza kuwerengera ndalama pa seva yongozimitsidwa koma yosafufutidwa. Mwambo wina ukadzabwera, mudzabwereka seva yatsopano, kuikanso Owncast ndi Caddy, kubwezera foda ya data pamalo pake, ndi kulozetsa rekodi ya DNS ku adiresi yatsopanoyo.